Andibwereka buku la waini lonenepa ngati njerwa, ndiyambire pati?

Wetala_watsopano

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi vuto langa, ena museka koma palibe kanthu. Miyezi itatu yapitayi ndinayamba ntchito yoperekera zakumwa pa lesitilanti ina yake ndipo pamalo pake waini ndi amene amayenda kwambiri, pomwe ine chikulireni ndimangodziwa kuti kuli wofiira ndi woyera basi. Nde sabata yatha kasitomala wina anandifunsa kuti muli ndi Syrah? Ine ndinapita pa shelefu nkuwerenga mabotolo onse limodzilimodzi, ndinabwerera nkuwauza mwaulemu wonse kuti pepani bwana ameneyo tilibe. Atachoka, a manijala anandiitanira pambali nkundionetsa mabotolo asanu ndi limodzi olembedwa Shiraz, akuti ndi mphesa imodzi yomweyo, maina okha ndi amene ali awiri. Manyazi anandigwira ndinasowa poyang'ana.

Mawa lake anandibwereka buku lawo akuti werenga udziwe. Buku lake ndi lonenepa ngati njerwa, mitu yake anaindandalika kuyambira A mpaka Z, ine nkuyamba pa A penipeni ngati ndikuwerenga nthano. Lero ndi tsiku lachisanu ndikadali pa A yemweyo, ndawerenga za acid, za Alsace, za zinthu zina zasayansi zomwe sindingazitchule nkomwe, koma ndikangotseka bukulo m'mutu mumatsala mbee.

Funso langa ndi loti kodi munthu wosadziwa kalikonse ayambire buku lotani, kapena mabukuwa ndi ongotaya nawo nthawi? Komanso izi amalemba zoti waini uyu akununkhira blackcurrant, gooseberry, chikopa, mwala wonyowa, ndi zoonadi kapena amangopeka kuti azioneka odziwa? Zipatso zinazo ine sindinazionepo ndi maso. Chomaliza, mabotolo ena ali ndi kasitika kolembedwa 92 kapena 94, makasitomala amandifunsa kuti manambalawa ndi a chani ine ndimangomwetulira. Ndithandizeni chonde ntchitoyi ndikuifuna.

Mayi_wa_mabuku

Achimwene musadandaule, za Syrah ndi Shiraz zagwetsa anthu ambiri. Ku France amati Syrah, ku Australia amati Shiraz, ndipo ku South Africa mumapeza onse awiri pa shelefu imodzi. Mukumananso ndi zina zotero, Zinfandel ya ku California ndi Primitivo ya ku Italy ndi mphesa imodzi, Pinot Gris ndi Pinot Grigio chimodzimodzi.

Buku mukunenalo ngati lili la A mpaka Z ndipo ndi lolemera choncho ndikuganiza kuti ndi The Oxford Companion to Wine la Jancis Robinson, linatuluka koyamba 1994 ndipo analisindikizanso kachisanu mu 2023, mitu yake imapitirira 4,000. Ndi buku labwino zedi koma a manijala anu akupatsani dikishonale nkukuuzani kuti phunzirani chinenero. Dikishonale sawerenga kuyambira koyamba, amaitsegula akakumana ndi mawu owavuta. Liyikeni pafupi, mukamva kasitomala akutchula mawu achilendo, usiku mukawafufuze m'menemo, basi ntchito yake ndi imeneyo.

Chimene ine ndikanakonda wina atandiuza tsiku loyamba ndi ichi. Mabotolo amalankhula zinenero ziwiri. A ku South Africa, Australia, Chile, Argentina, New Zealand ndi America kawirikawiri amalemba dzina la mphesa poonekera, Merlot, Chardonnay, Malbec, nde simuvutika. Koma a ku France, Italy ndi Spain ambiri amalemba dzina la DERA lomwe mphesazo zinalimidwa, dzina la mphesa osalilemba nkomwe chifukwa amaganiza kuti mukudziwa kale. Chablis ndi tauni, waini wake ndi Chardonnay. Sancerre woyera ndi Sauvignon Blanc. Burgundy wofiira pafupifupi yense ndi Pinot Noir. Barolo ndi Nebbiolo, Chianti maziko ake ndi Sangiovese, Rioja wofiira makamaka ndi Tempranillo. Bordeaux wofiira amasakaniza, kwambiri Cabernet Sauvignon ndi Merlot. Sikuti ndi mwano ayi, ndi malamulo. Ku France dongosolo la AOC linayamba cha m'ma 1935 ndipo limanena kuti ukafuna kulemba dzina la dera lakutilakuti pa botolo, mphesa zololedwa ndi izi, malire a minda ndi awa, zokolola pa hekitala zisapitirire apa. Nde dzina la dera lija limanyamula zonsezo mkati mwake. Mukangogwira mfundo imeneyi theka la shelefu yanu latseguka, ndipo iyi ndi mbali yomwe lilime lokha silingakuphunzitseni ngakhale mutamwa zaka makumi awiri, pamafunika buku.

Chifukwa chake ine buku lomwe linanditsegula maso ndi la mapu, The World Atlas of Wine. Hugh Johnson analitulutsa 1971, kenako kuyambira 2001 akhala akulemba limodzi ndi Jancis Robinson yemwe uja, lachisanu ndi chitatu linatuluka 2019. Ukaona pa mapu kuti Chablis ili kumpoto kozizira, pafupi ndi dera la Champagne kusiyana ndi mbali zina za dera lake la Burgundy, umamvetsa chifukwa chomwe Chardonnay wake amakhala wowawasa komanso wopepuka, pomwe Chardonnay wa kotentha amakhala wonenepa m'kamwa, mowa wake wokwera. Kozizira mphesa zimapsa pang'onopang'ono, shuga amachepa, acid amatsala wambiri. Kotentha shuga amachuluka, ndipo shuga ameneyo ndi amene yisiti imamusandutsa mowa. Zonse zimachokera pamenepo.

Koma ngakhale la mapulo musayambire tsamba loyamba. Tengani ndandanda wa waini wa pamalo panupo, dzina lililonse lomwe lili pamenepo mulipeze pa mapu, mulembe mphesa yake pambali. Mwina ndi maina makumi atatu kapena anayi okha. Dziko lonse simungalimalize, pali buku lina la 2012 lotchedwa Wine Grapes lomwe linafotokoza mitundu 1,368 ya mphesa zopangira waini, ndani angaloweze zimenezo? Inu gwirani zisanu ndi zitatu kaye, Chardonnay, Sauvignon Blanc, Chenin Blanc, Riesling, Cabernet Sauvignon, Merlot, Pinot Noir ndi Syrah wanu uja. Ngati Chingelezi cha mabuku akuluakuluwa chikukulemerani, Wine Folly la Madeline Puckette ndi la zithunzi ndi mitundumitundu, mawu ochepa, anthu odziwa ena amalinyoza kuti ndi lachibwana koma ine ndimati poyambira ndi labwino.

Chidakwa_chopuma

Kkkkk mayi mwayankha bwino koma mnyamatayu musamusenzetse laibulale. Man, ine ndamwa waini nthawi yaitali ndipo ndikuuze, zambiri zolembedwazo ndi ndakatulo chabe. Mu 2001 ku yunivesite ya Bordeaux anatenga waini woyera nkumuthira utoto wofiira wopanda fungo, nkupatsa ana asukulu 54 ophunzira za waini zomwezo kuti afotokoze fungo lake. Anthu aja anayamba kutchula mawu omwe amafotokozera waini wofiira. Ophunzira za waini, ku Bordeaux kwenikweniko! Nde iwe ukaona munthu akuzunguza tambula nkumati ndikumva chikopa ndi fodya ndi nkhalango mvula itagwa, dziwa kuti mwina wangoona mtundu ndi dzina pa botolo, zinazo mutu wadzaza wokha.

Inanso, 1976 ku Paris, wogulitsa waini wina dzina lake Steven Spurrier anaitanitsa akatswiri a ku France kuti alawe waini wa ku France ndi wa ku California osaona mabotolo. Amene anapambana anali a ku California mbali zonse ziwiri, Chateau Montelena kwa woyera ndi Stag's Leap Wine Cellars kwa wofiira, nthawi yomwe aliyense wodziwa ankati waini weniweni ndi wa ku France basi. Mabuku a nthawi imeneyo akanakuuza zimenezo? Ayi.

Za manambala pa kasitika ndi malonda amenewo. Ine sindinaonepo botolo lomata 71. Iwe lawa, chakukomera nchabwino, chosakukomera nchoipa, kasitomala akafunsa umuuze zomwe lilime lako lamva. Mabuku asiyire aphunzitsi.

Mlawi_77

Amalume a Chidakwa nkhani ziwiri mwatchulazo ndi zoona, sindikutsutsa, koma malangizo anuwo akamuchotsetsa ntchito mwanayu kkkk. Kasitomala akati ndikufuna waini woyera wosatsekemera koma wosawawasa kwambiri, ndiye iye ayankhe kuti ine chimandikomera ndi ichi? Iye sakusankhira lilime lake, akusankhira la munthu wina, nde akufunika mawu oti amvane nawo. Ndipo ya ku Bordeaux ija chomwe imaonetsa ndi choti maso amatsogolera mphuno, sikuti fungo kulibe.

Achimwene a Wetala, za fungo ndikuyankheni chifukwa nanenso zinkandinyansa. Palibe amene amathira zipatso kapena chikopa mu waini, ndi mphesa basi, koma tinthu tina tomwe timapereka fungo mu zakudya zina timapezekanso mu waini. Fungo la tsabola wobiriwira wamkulu uja lomwe mumalimva mu Sauvignon Blanc ndi Cabernet Sauvignon wa kozizira limachokera ku methoxypyrazine, yemwe alinso mu tsabolayo. Syrah amati amanunkhira tsabola wakuda wogaya, ndipo ofufuza a ku Australia mu 2008 anaonetsa kuti ndi kanthu kotchedwa rotundone komwe kali mu zonse ziwiri, nkupezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu sakamva nkomwe fungo lake. Ndiye mukapanda kumva chomwe buku lanena sikuti nthawi zonse ndinu mbuli, mphuno zimasiyana. Vanila ndi utsi kawirikawiri zimachokera ku migolo ya mtengo wa oak yomwe amaiwaula mkati. Za mwala wonyowa zokha ndikuvomereza, pamenepo ngakhale akatswiri amakangana.

Blackcurrant ndi gooseberry amazitchula chifukwa olemba ambiri anakulira ku England komwe zipatsozo anazidya ali ana. Inu musavutike nazo. Lowezani kuti buku likati blackcurrant nthawi zambiri likuloza Cabernet Sauvignon, likati gooseberry likuloza Sauvignon Blanc, koma mu kope lanu lembani fungo lomwe INU lakukumbutsani, chilichonse chomwe mphuno yanu ikuchidziwa. Mawu a buku ndi oyankhulira ndi kasitomala, mawu anu ndi okumbukirira.

Ine ndinachita kosi ya za waini ya WSET gawo lachiwiri, bungwe lake ndi la ku London linayamba 1969, ndipo chomwe ndinatolako chachikulu si kuloweza ayi koma kulawa motsatira ndondomeko, kuona, kununkhiza, kulawa, nthawi zonse mofanana. Poyamba siyani za fungo, gwirani zinthu zomwe pakamwa paliponse pamamva. Kutsekemera. Kuwawasa, komwe mumakudziwa ndi malovu, mukameza kapena kulavula weramitsani mutu pang'ono muone mmene malovu akuthamangira, akachuluka ndiye kuti acid ndi wambiri. Tannin, uja amaumitsa m'kamwa ndi nkhama ngati mwamwa tiyi wakuda woviikidwa nthawi yaitali wopanda mkaka, amachokera ku makoko, njere ndi timitengo ta mphesa, nchifukwa chake ali mu wofiira poti wofiira amawira pamodzi ndi makoko ake. Kenako kulemera kwake m'kamwa ndi kutentha kwa mowa kukhosi.

Ndipo chinsinsi ndi matambula AWIRI. Tambula imodzi siphunzitsa kanthu, umangoti eya ndi waini. Koma ikani Pinot Noir apa Cabernet Sauvignon apa, werengani ndime ziwiri za mphesazo, lawani uyu kenako uyo, mawu oti tannin omwe munawerenga kakhumi osamva mudzawamva mu sekondi imodzi. Pa ntchito ngati yanuyo pamakhala mabotolo otsegula ogulitsa pa tambula, pemphani a manijala akuloleni tidontho tiwiri musanatsegulire makasitomala, ndipo muzilavula, akatswiri onse amalavula, apo ayi pofika botolo lachinayi zonse zimakoma ndipo ntchito mugwira mukuseka nokha.

Mutu umodzi woti muufufuze lero lomwe mu buku lonenepalo ndi wa waini woonongeka ndi chotsekera, amati corked. Kamakhala kanthu kotchedwa TCA, fungo lake ngati katoni yonyowa yomwe yakhalitsa m'chipinda chachinyezi. Ndi chifukwa chake mumathira pang'ono kuti kasitomala alawe kaye, sikuti aone ngati akumukonda, koma ngati botolo lili bwino.

Wetala_watsopano

Zikomo kwambiri nonse, amayi, amalume ndi achimwene a Mlawi. Dzulo ndayesa za matambula awiri, a manijala anavomera mosavuta mpaka anadabwa kuti ndazitenga kuti. Ndinaika Merlot ndi Cabernet Sauvignon, kunena zoona poyamba ndinkaona ngati ndi chimodzi koma kachitatu ndinamva kuti winayo akuumitsa nkhama kwambiri, ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso. Fungo lokha ndikadali kutali, ndikungomva waini kkkk. Ndalembanso ndandanda wathu wonse mu kope, maina 34, asanu ndi awiri anali a madera osati mphesa, ndikanafa nawo osadziwa.

Koma za manambala simunandimalizire, amalume akuti ndi malonda, ndi choncho basi? Komanso mnzanga ali ndi buku la mapu lija koma lakale kwambiri, chikuto chinachoka, ndikuganiza ndi la zaka za m'ma 1980. Ndibwereke kapena lindisocheretsa? Ndipo pali Pinotage pa ndandanda wathu, ndimayesa ndi Pinot Noir yemweyo kalembedwe kena ngati za Shiraz zija, bola ndifunse ndisanachitenso manyazi.

Mayi_wa_mabuku

Mwachita bwino kufunsa, Pinotage SI Pinot Noir. Ndi mwana wake. Mu 1925 Abraham Perold wa ku Stellenbosch ku South Africa anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, yomwe kumeneko nthawi imeneyo ankaitcha Hermitage, dzinalo nkuphatikiza Pinot ndi tage. Kakomedwe kake ndi kosiyana kutalitali, Pinotage ndi wakuda komanso wolemera, nde munthu wofuna Pinot Noir mukamupatsa ameneyo akubwezerani.

Manambala aja amalume sananame kwenikweni koma sanamalize. Za malikisi ofika 100 anazitchukitsa ndi Robert Parker wa ku America yemwe anayamba kalata yake The Wine Advocate mu 1978, ndipo muyezo wake umayambira pa 50 osati ziro, nde 92 si ngati 92 ya ku sukulu. Wopanga waini amangomata akapeza nambala yokwera, yotsika amaibisa, nchifukwa chake 71 simudzamuona. Inu mukaona kasitika funsani zinthu ziwiri, wapereka nambalayi ndani, ndipo anapereka pa waini wa chaka chiti. Chifukwa chaka chili pa botolo ndi chomwe mphesa zinakololedwa, ndipo munda womwewo umatulutsa zosiyana chaka cha mvula yambiri ndi chaka cha dzuwa. Kasitomala akafunsa mungomuuza kuti ndi maganizo a wolawa mmodzi kapena gulu la oweruza, akusonyeza kuti anapangidwa bwino, koma sakunena ngati iyeyo amukonda. Ena amagwiritsanso njira zina, Platter's ya ku South Africa yomwe imatuluka chaka ndi chaka kuyambira 1980 inadziwika ndi nyenyezi, zisanu ndiye pamwamba. Mabuku otuluka chaka ndi chaka amenewa, kuphatikizapo kabuku ka m'thumba ka Hugh Johnson komwe kanayamba 1977, amakalamba msanga, ndi othandiza pogula osati pophunzira.

La mapu lakalelo bwerekani, mapiri ndi mitsinje sizinasamuke, Chablis ikadali pomwe inali. Kungoti chenjerani ndi maina ndi malamulo. Buku la m'ma 1980 likuuzani kuti Prosecco ndi dzina la mphesa, pomwe kuyambira 2009 mphesayo amaitcha Glera ndipo Prosecco latsala dzina lotetezedwa la waini wa dera lake. Silikuuzani kuti makolo a Cabernet Sauvignon ndi Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc poti zimenezo zinadziwika ndi DNA ku yunivesite ya California ku Davis cha m'ma 1997. Za New Zealand, Chile ndi Argentina mupezamo masamba ochepa kwambiri, za waini wothwethwa wa ku England kapena wa ku Ningxia ku China musayembekezere nkomwe. Ndiye la mnzanulo muzionera France, Italy, Spain ndi Germany, mukakayika dzina mutsimikize mu lonenepa la a manijala lija ngati lili latsopano. Yang'anani tsamba lachiwiri kapena lachitatu muone chaka chomwe linasindikizidwa.

Chidakwa_chopuma

Chabwino ndagonja pang'ono, za Glera sindimadziwa ndipo Prosecco ndamwa wosawerengeka. Koma iwe Wetala, maina asanu ndi awiri a madera aja utilembere pano tione ngati wawapeza bwino, pali ena amapusitsa. Pouilly-Fumé ndi Pouilly-Fuissé ndinkayesa ndi abale mpaka tsiku lina ndinaitanitsa molakwika, woyambayo ndi Sauvignon Blanc wa ku Loire winayo ndi Chardonnay wa ku Burgundy. Ngati onse ali pa ndandanda wanu uyambe kuyeserera katchulidwe lero.